Diso laulesi linandilanditsa njinga

Anandilanda njinga yamoto. Makiyi, chipewa, ngakhale jekete yonyezimira ija, zonse ndinabweza anthu akuonerera pasiteji ya Manjawira. Njingayo inali ya a Ngozo, eni golosale yapamsika pafupi ndi sitejiyo, ine ndinkangoyendetsa kabaza. Koma ndi ntchito yokhayo imene ndinaipeza chisiyireni sukulu mu Fomu 2.

Diso langa lakumanzere ndi laulesi kuyambira ndili mwana. Lilipo, limaphethira, pamaliro limatulutsa misozi, koma munthu likamuyang'ana limangoona chitsa chovala malaya. Aphunzitsi ankati ndine mbuli. Zondiyeza maso palibe anaziganiza mpaka ndamera ndevu.

Dokotala wa maso kuboma anandipatsa magalasi ndi kansalu kakuda ka lamba.

"Muziphimba diso labwinolo maola awiri patsiku, laulesilo lizigwira ntchito lokha," anatero mayiyo. "Mutakhala pansi. Muzisankha miyala mumpunga, muzilowetsa ulusi pasingano. Kwa munthu wamkulu zimachedwa, zimatenga miyezi, ndipo sindikulonjezani kanthu."

Ndinayesa tsiku limodzi pakhonde, lichero pamiyendo. Mlongo wanga anaitana anzake kuti adzaone mkamwini wabwino. (Mpunga ndinasankhawo unatsala pang'ono kuwathyola dzino amalume.) Ndiye ndinawerengera ndekha: ngati maola awiri akufuna miyezi, maola khumi afuna masabata. Masamu ndinalephera, paja. Komanso m'chipewa cha galasi lakuda, kansalu angakaone ndani?

Lachiwiri m'mawa ndinaphimba diso n'kuvala chipewa. Woyamba kukwera anali a Nankhoma, apongozi awo a Ngozo, atafungatira mathireyi awiri a mazira, ulendo wakwawo kudambo.

Pamsewu watala zinayenda, poti lole ngakhale diso laulesi limaiona. Titakhotera mumsewu wafumbi, dzenje ndi mthunzi zinayamba kufanana. Ndinazemba mithunzi itatu, ndinagwera m'maenje anayi.

"Mwana iwe, wamwa?"

"Sindimwa, amayi."

"Uyambe, mwina uziyendetsa bwino."

Kutsogolo kunali kamlatho ka matabwa pangalande yothirira mpunga. Ndinakaona bwinobwino. Kungoti kanali chakumanja pang'ono kwa pamene ndinakaonapo. Tinalowa m'matope tonse: ine, njinga, a Nankhoma ndi mazira. Amene ankaokera mpunga anathamanga kudzatizula, wina n'kundivula chipewa kuti ndipume. Kansalu kaja kanaonekera.

A Nankhoma anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Wandinyamula ndi diso limodzi?"

"Ndi mankhwala, amayi."

"Limene limaona ndi liti?"

Ndinaloza lophimbidwalo. Anabwerera wapansi mpaka kugolosale, mazira akuuma paduku, ndipo anakana kusamba mkamwini wawo asanawaone. Ine ndinkabwera pambuyo ndikukankha njinga.

A Ngozo sanakalipe, ndi zimene zinandiwawa kwambiri. Anangotambasula dzanja.

"Za diso laulesi tamva, achimwene. Nanga mutuwo, dokotala anati chiyani?"

Anthu anaseka ngati awalipira. Ambiri mwa iwo maso ali nawo awiri abwinobwino, koma palibe chimene anachitapo nawo kupatula kuonera anzawo akugwa.

Njinga anaipereka kwa Yohane, mnzanga wapasiteji amene ndinamuphunzitsa ndekha kuponda giya. Akamadutsa kwathu amaliza hutala, n'kuphimba diso limodzi ndi dzanja, kasitomala ali kumbuyo. Aphimbebe, ayendetse ndi dzanja limodzi choncho. Mvula yayandikira, ndipo ngalande kudambo kuja si imodzi.