Koramu ndi Njinga Yanga

Lolemba
Akulemba ndi akazi anga a Naphiri, ine ndikunena. Ana anga: Tisauke, loya ku Chipata. Mabvuto, mwini golosale ku Vubwi. Esinati, namwino ku Katete. Gifti, mphunzitsi ku Lusaka. Onse anaphunzira ndi njinga yangayi, yomwe akufuna kundilanda Loweruka pa msonkhano wa banja, ati maso anga atha. Ndinangogwera mumtsinje kamodzi!

Lachiwiri
Tisauke anatilembera malamulo a banja chaka chatha. Muli mawu akuti koramu: chiwerengero cha anthu oyenera kukhalapo kuti msonkhano ugamule kanthu. Ngakhale ku Nyumba ya Malamulo, koramu ikapanda kukwana, nkhani imaima. Ife tilipo asanu ndi mmodzi, koramu ndi anayi. Ine ndi a Naphiri tidzatuluka. Mwana mmodzi akangojomba, atsala atatu. Njinga yapulumuka! Lembani bwino pamenepo, a Naphiri.

Lachitatu
Ndikuimbira Mabvuto kuti msewu wa ku Sinda kuno waonongeka. "Atate, ndagula mthuthuthu." Chabwino. Atsala ena.

Lachinayi
Ndikukumbutsa Esinati kuti odwala sasiyidwa okha. Wasinthana kale tsiku ndi mnzake. Tisauke sindimuimbira, loya amamva ndi zomwe sunanene. Ndikupukuta njinga: tcheni, belu, mabuleki. Belu ndalipaka mafuta kawiri, koma a Naphiri ati koyambako ndinapaka chitseko cha khola.

Lachisanu
Gifti sabwera, ana ake akulemba mayeso! Akuti adzalankhula pa foni, koma netiweki kuno imagwira pachulu pokha, ndipo pachulupo ndamangirirapo tonde wolusa uja. Koramu yafa. Ndadya mazira awiri.

Loweruka
Msonkhano ukuyamba. Ndikuimirira ngati phungu: "Ndatuluka!" Ndikuyenda mpaka pansi pa mango. Ndikucheuka. Kumbuyo kulibe munthu.
"A Naphiri, tiyeni!"
"Ine ndikulemba za msonkhano, bambo. Komanso mumtsinje muja ndinakuvuulani ndine."
Ana atatu ndi amayi awo. Anayi.

Lamulungu
Njinga yapachikidwa kudenga. Kutchalitchi ndapita wapansi, a Naphiri atandigwira dzanja, anthu n'kumati chikondi. Koma ana anga malamulo amawadziwa, Sinda yonse palibe owaposa. Msonkhano wina uli pa 26 Disembala, pompano. Ndili ndi nzeru ina. Imeneyo musagwire cholembera, a Naphiri, sindinena.