Macheka a Reino ndi Mbava Zitatu

Pulani yonse inabadwira pa tebulo la pakona m'kantini yanga, Lachinayi masana, mowa uli pa botolo lachitatu. Kantiniyo ili pomwetsera galimoto mafuta m'mudzi wathu wa Sammalperä, ndipo ine Hilkka ndamva mapulani ambirimbiri pa tebulo limenelo. Amuna amaganiza kuti mayi amene akupukuta makapu alibe makutu.

Anali atatu, monga mwa masiku onse. Woyamba anali Tauno, amene timamutcha Jenerale chifukwa anakhalako ku usilikali miyezi isanu ndi umodzi, akusenda mbatatesi. Wachiwiri anali Urpo, kapena kuti Injiniya, amene anasesako utuchi pa fakitale ya matabwa milungu itatu asanamuuze kuti azipita. Wachitatu anali Ensio, dzina lake lodziwika Phee. Kwathu kuno anthu sitiyankhulayankhula, koma Phee anapyola muyezo. Pa ukwati wake abusa anachita kumufunsa kawiri.

"Amwene, sendezani mitu," anatero Jenerale, akunong'ona mokweza moti ndinamva ndili kukhitchini. "Loweruka lino umphawi tikutsanzikana nawo. Mtengo wa a Reino uja."

Aliyense kuno amaudziwa mtengo umenewo. Ndi visa, mtengo wooneka wopotoka ndi wonyansa kunja, koma m'kati mwake muli mizere yokongola yomwe opanga mipando ndi zigwiriro za mipeni kutauni amalimbirana. Unabzalidwa ndi bambo a Reino, ndipo waima kuseri kwa nyumba yawo zaka makumi asanu ndi atatu.

"Masana dzuwa likuswa mtengo?" anafunsa Injiniya.

"Ganiza, mphwanga, ganiza! Loweruka ndi phwando la alenje. Mudzi wonse udzakhala ku holo, mphuno zili m'mbale. Ife tivala zibakuwa zathu za olenji ngati a khonsolo, tikoka ngolo, mphindi khumi, mtengo pansi, ife ulendo."

"Nanga macheka? Ako aja unagwetsera m'nyanja."

"Iwe, macheka a injini abwino kuposa onse m'boma lino ali kuti? M'shedi mwa a Reino momwemo! Mtengo wawo, macheka awo, ife tingobweretsa nzeru."

Phee anagwedeza mutu. Ngati kunali kuvomera kapena kukana, palibe anafunsa.

Madzulo ake ndinapita kwa mayi Sylvi, akazi a Reino, kukawauza zonse. Ndinkayembekeza kuti athamangira foni. M'malo mwake anangofunsa kuti, "Ati adzadulira macheka ati?"

"A madala."

"Basi mtengo suvulala," anatero, koma nkhope yawo inagwa.

Chinsinsi chawo ndinkachidziwa ine ndekha. A Reino anagwira ntchito m'nkhalango zaka makumi asanu, ndipo tcheni ya macheka ankainola ndi tupa maso atatsinzina. Chaka chatha mtima unawagwetsa pa chipale chofewa, dokotala n'kunena mosabisa kuti akadzanyamulanso macheka, adzabwera kunyumba atanyamulidwa. A Reino anamva, n'kuyamika, mawa lake n'kuyamba kuthira mafuta m'macheka. Mayi Sylvi analira, anakalipa, anabisa nsapato, osathandiza. Ndiye tsiku lina madala ali kuchipatala, mayiwo analowa m'shedi ndi sipanala, namasula tcheni, naibwezera mano atayang'ana kumbuyo. Tcheni yotero imazungulira bwinobwino, phokoso lonse lilipo, koma imangosisita mtengo. A Reino atayesa pa chipika, kunatuluka utsi wokhawokha. Anayang'ana machekawo nthawi yaitali, nati, "Akalamba awa," nawakoloweka pa msomali. Kuchokera tsiku limenelo sanapitenso kunkhalango.

"Hilkka mnzanga," anatero mayi Sylvi, "mtengowo atenge ngati akufuna. Ine mantha anga ndi akuti wina adzatsegula pakamwa pamaso pa Reino. Akangodziwa kuti vuto ndi tcheni, aitembenuza, ndipo chisanu chino ndiika maliro."

Loweruka linafika. Alenje anali atapha hirvi, chinyama chathu chachikulu cha nyanga zanthambi, ndipo mwa mwambo anaitana onse a m'mudzi kudzamwa msuzi wake. Wophika ndinali ine. Zomwe zinkachitika kwa a Reino pa nthawiyo ndinazimva pambuyo pake kwa Injiniya mwini wake, munthu wosatha kusunga mawu m'mimba.

Anafika ndi ngolo yawo, napeza tsache litatsamira pa chitseko, chizindikiro chakuti eni nyumba achoka. Shedi inali yosakhoma, monga mashedi onse kuno. Jenerale anatsitsa macheka pa msomali, nakoka chingwe kamodzi kokha, injini n'kudzuka.

"Mwamva? Nyimbo ya chuma imeneyo!"

Anapana mafuta. Injini inalira, tcheni osasuntha. Anapananso. Inalira kwambiri, tcheni ili njo.

"Yafa," anatero Jenerale.

"Sunafe iwe bwanji? Bweretsa kuno." Injiniya anagwada, nayang'ana pansi, nayang'ana pamwamba, nagogoda ndi chala, nalengeza kuti vuto ndi la m'kati mwenimweni ndipo afunika kumasula injini yonse. Ali m'kati mofotokoza, Phee anatambasula dzanja n'kukoka buleki ya tcheni. Inangoti kha!

"Ndimafuna ndinene zomwezo," anatero Injiniya.

Jenerale anaika macheka pa mtengo. Tcheni inazungulira, khungwa linasupuka pang'ono, kenako utsi. Utuchi ngakhale wodzaza chikhatho, ayi.

"Yolefuka imeneyi, taona ikulendewera pansi ngati mimba ya a Oiva wapolisi," anatero Injiniya. Asanamalize, tcheni inavuka pa chitsulo chake n'kukagwera m'tchire.

Apa ndiye pamene Injiniya anaonetsa uinjiniya wake. Macheka asanayambe ntchito anali atawajambula pa foni, ati mmisiri weniweni amatero. Tcheni itapezeka, anatsegula chithunzicho, nawerenga mano limodzilimodzi, naibwezera ndendende mmene anaipezera. Anadzitamanda kwambiri pa zimenezi. Kenako anaikunga mpaka inakana kuyenda, naimasula mpaka inavukanso, naibwezeranso motsatira chithunzi chomwecho.

"Oyilo!" anakuwa Jenerale. "Yauma! Ndaona chigubu m'shedi."

M'chigubumo munali phula lopakira bwato. Analithira mosaumira.

Ku holo tinali titangoyamba mbale yachiwiri. Munali amuna oposa makumi anayi, ndipo pafupifupi onse anakulira m'nkhalango. Anthu amenewa mwana akamalira amapitiriza kudya, koma macheka akamalira molakwika, chakudya chimawakanika kumeza. Kuchokera kutsidya la munda kunabwera kulira kosalekeza, kowawa ngati kwa nkhumba yopanidwa pa mpanda. Masipuni anaima m'malere.

"Yabuntha," anatero wina.

"Ayi, yauma imeneyo."

"Mano sakufika pa mtengo. Ineyo ndikuti mwina yayang'ana kumb..."

Ndinamuika buledi m'manja mwamphamvu, n'kumufunsa ngati akufuna batala. Mayi Sylvi anali atayera ngati nsalu ya patebulo. A Reino anapukuta pakamwa, naimirira pang'onopang'ono.

"Mawu amenewo ndikuwadziwa," anatero. "Ndi macheka anga."

Holo yonse inatuluka. Musaganize kuti ankathamangira kukagwira mbava. Za mbava palibe anaganiza. Chomwe chinawanyamula n'chakuti kwinakwake munthu ankazunza tcheni, ndipo zimenezo sakanatha kuzipirira. Tinayenda mondondozana kudutsa m'munda, alenje m'zovala zawo za olenji, a Oiva wapolisi ali ndi mbale yawo m'manja, ine ndi mayi Sylvi tikuyesetsa kupitirira madala.

Tinawapeza atakutidwa ndi utsi wonunkha phula. Jenerale anali wakuda mpaka m'zigongono, akutukwana macheka ndi makolo ake onse. Ola lathunthu la ntchito linali litasiya pa mtengo kachilonda kosaposa chala. Atatembenuka n'kuona chinamtindi cha anthu, mukuganiza anathawa? Ayi ndithu. Mkwiyo unali utamuiwalitsa kuti anabwerera chiyani.

"Eya, mwachita bwino kubwera!" anakuwa. "Akuluakulu, tandiuzani, chinthu ichi chalowa chiyani? Buleki tamasula, takunga, tathira oyilo. Chikungofuka!"

Amuna aja anazungulira machekawo n'kuwerama. Sizinatenge mphindi kuti aone komwe mano anayang'ana. Ndinaona maso awo akuchoka pa tcheni kupita kwa mayi Sylvi, kuchoka kwa mayi Sylvi kupita kwa a Reino. Wina anakhosomola. Wina anayamba kuyang'ana mitambo ngati waiona koyamba. Sindinawakondepo amuna a m'mudzi mwathu ngati tsiku limenelo.

"Zovuta," anatero mmodzi.

"Macheka akale amatero," anatero mnzake.

"Ndiye mwaona?" anatero Injiniya, akuyendetsa foni pamaso pa aliyense, mpaka pamaso pa a Oiva. "Si ife ayi. Onani chithunzi, tinajambula m'shedi tisanatenge. Taibwezera momwe inalili."

"Musanatenge," anabwereza a Oiva, akumwa msuzi. "Tanditumizirako chithunzicho, mphwanga."

Mayi Sylvi anali atayamba kupuma bwino. Zinkaoneka kuti tapulumuka. Ndiye Phee, munthu amene sanamalizepo chiganizo chiyambire chilimwe, anasankha nthawi imeneyo.

"Tcheni yayang'ana kumbuyo," anatero.

Jenerale anatembenuka. "Wati chiyani?"

"Mano. Ayang'ana kumbuyo."

"Unaona liti iwe?"

"M'shedi."

"Nanga osanena bwanji, chitsiru?"

"Simunafunse."

Palibe anaseka. Mayi Sylvi anandigwira mkono mpaka zikhadabo zinalowa. A Reino anayenda kufika pomwe panali macheka, nawanyamula, nayendetsa chala pa mano a tcheni. Sipanala inali pomwepo pa udzu, ndipo tonse tinkadziwa kuti kwa iwo inali ntchito ya mphindi ziwiri.

"Mwana wanga Ensio," anatero, "maso uli nawo. Koma ukuganiza kuti ine, zaka makumi asanu m'nkhalango, sindingaone tcheni yotembenuzidwa? Ndinaiona ndisanakoke n'chingwe chomwe."

"Reino," anatero mayi Sylvi. "Unkadziwa?"

"Mkazi amene amaopa kangaude analowa m'shedi mwanga yekha, n'kugwira sipanala koyamba m'moyo wake. Ndinati, ngati wafika pamenepo, basi macheka akalamba." Anawaika pansi. "Chimodzi chokha, Sylvi. Ulendo wina uzimangitsa manati. Unasiya olefuka."

Mayi Sylvi anawamenya pa phewa ndi magolovesi, akulira, akuseka. Amuna makumi anayi aja anayang'ananso mitambo, ndipo ine ndinapukuta maso ndi epuloni yonunkha anyezi.

Jenerale anaona ngati mpata wapezeka. Anayamba kubwerera chafutambuyo kulowera ku ngolo, nati, "Chabwino, poti nkhani ndi ya m'banja, ife a khonsolo tizipita."

"Khonsolo iti, Tauno?" anafunsa a Oiva. "Mayi ako ali apa, anyamula mphika wa khofi."

Mlandu unaweruzidwa pomwepo, msuzi usanazizire. A Oiva anati akhoza kuwatengera kutauni ndi chithunzi chawo chokongolacho, kapena eni mtengo anene zomwe akufuna. Mayi Sylvi sanachedwe kuganiza. Nyumba inkafunika nkhuni za chisanu chonse, ndipo nkhunizo n'zimene zinkawasowetsa tulo a Reino chiyambire pomwe anasiya nkhalango.

Milungu isanu ndi umodzi anyamata a khonsolo aja anacheka nkhuni ndi macheka a manja. A Reino ankakhala pa chitsa, bulangete m'miyendo, akuwauza kuti akupotoza. Injiniya ankabwera ku kantini matuza ali m'manja monse, n'kumandifotokozera zonse ngati kuti anapambana nkhondo. Ati tsiku lina Jenerale anapempha mwaulemu kuti, "Madala, bwanji tingoitembenuza tcheni ija, timalize lero?" A Reino analoza pa windo pomwe panaima mayi Sylvi, nati, "Kafunse amisiri."

Sanapite kukafunsa.

Mtengo wa visa ukadalipo, ndi kachipsera kake kakang'ono. Macheka nawo akadali pa msomali. Loweruka lililonse m'mawa a Reino amawatsitsa, amachotsa tcheni, amainola dzino limodzilimodzi mpaka itathwa ngati lumo. Akatha amaibwezera mosamala, mano atayang'ana kumbuyo, n'kumangitsa manati.