Mwendo wa Nkhumba wa Orval Pettigrew

Inu, tamverani za Orval Pettigrew, wometa tsitsi m'tauni mwathu muno mu Tallow Creek. Ndifupikitsa, zovala za eni ake zikundidikira kuti ndisite.

Tauni yathuyi imadyera buku limodzi. Analilemba mkulu wina amene anamwalira agogo athu akadali ana, ndipo mpaka lero alendo amabwera pa mabasi kudzajambula khonde lake. Chaka chilichonse pamakhala mpikisano wa mafunso okhudza bukulo ndi mlembi wake. Wopambana amatenga mwendo wathunthu wa nkhumba, wowamba bwino pautsi.

Chaka china makolo a mnyamata wofunsira mwana wa Orval anali oti abwere kudzadya Lamlungu lotsatira mpikisanowo. Mkazi wa Orval, Lurleen, atanyamula chikwama kuti apite kubutchala, Orval anaima pakhomo.

"Usagule nyama. Yaulere ikubwera Loweruka."

"Ukaluza, Orval, ndiwotcha iweyo."

"Ndiluze kwa ndani? Mlembiyo ndimamudziwa mpaka saizi ya nsapato."

Sankanama ayi. Ankadziwa kuti mlembiyo ankalemba atakhala m'bafa, thabwa lili pamaondo. Ankadziwa kuti masamba oyambirira a bukulo anadyedwa ndi mbuzi ya aneba, ndiponso kuti mkuluyo ankaopa nkhukundembo kuposa imfa. Makasitomala anazimva mpaka ena anaganiza zongosunga tsitsi.

Koma kuyankha kokha sikunamukwanire Orval, anafuna afike ngati mlembi mwini wake. Anabwereka bafa lakale, analikweza pa pikapu ya mlamu wake, anathiramo madzi n'kukhalamo. Ndevu anazimata ndi guluu, za tsitsi losesa m'shopu mwake. Pa njanji mlamu anaponda buleki, madzi anapita kutsogolo, n'kubwerera onse kumaso kwa Orval. Anafika kuholo akudontha, ndevu zatsala tsaya limodzi.

Mafunso anawakhoza ndithu, onse, mpaka dzina la mbuzi. Chifukwa cha chimwemwe anakumbatira wofunsa mafunso, bambo Crump, ndipo pepala la funso lomaliza linanyowa n'kusanduka phala.

"Chabwino," anatero a Crump, "mlendo mmodzi atifunsire."

Mayi wina wa pa basi anakweza dzanja. "Ine bukuli ndinalekera pakati. Kodi mnyamata wothawa kwawo uja amabwerera?"

Orval anakanda ndevu zotsala zija. Bukulo analidi nalo, koma linali pansi pa mpando wometera, likuchirikiza mwendo waufupi. Sanalitsegulepo.

"Amabwerera, mayi," anatero. "Mochedwa ndithu, koma amabwerera."

Mayiyo anayang'ana a Crump. A Crump anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ngati awalipirira. Wogulitsa mabuku anapeza china chake chosangalatsa kudenga. M'holo yonse, mwa anthu odya buku limeneli m'mawa ndi madzulo, munalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa yankho.

Lurleen analibe nthawi yotaya. Ananyamuka, anaukumbatira mwendo uja ngati khanda.

"Alipo akutsutsa?"

Panalibe.

Lamlungu nyama inakoma, alendo anawonjezera kawiri. Kenaka bambo a mnyamatayo anapukuta pakamwa n'kumwetulira.

"Achimwene, ndamva kuti ndinu katswiri wa buku lija. Inetu ndimaliphunzitsa kusukulu. Tandiuzani, paja mnyamata amamira mumtsinje asanafike kwawo, inu simunalire?"

Orval anatenga chinthuli chachikulu cha nyama, anachiponya chonse m'kamwa n'kuyamba kutafuna pang'onopang'ono, maso ali pa mkazi wake.

"Asiyeni adye, bambo," anatero Lurleen, akuthira msuzi. "Imfa imeneyo aimva kumene."