Shati Imene Inandilemba Ntchito ku Jamaica

Linali Loweruka pa 8 February, nthawi ili 3 koloko masana, pamene ndinalowa m'sitolo ina ku Tallaght, kuno ku Dublin, n'kugula shati. Ndikanadziwa, ndikanangodutsa n'kukakwera sitima ya m'tauni ija ya Luas. Koma inali yotsitsidwa mtengo, ndipo ine chinthu chotsitsidwa mtengo sindichilambalala.

Ndimagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba kuno ku Dublin, zaka khumi ndi zinayi tsopano. Kudzutsa, kusambitsa, kudyetsa, kukankha wilutcheya. Akazi anga, mayi a Tadala, amagwira ntchito yomweyo kwina, koma iwo ndi ausiku. Timakumana pakhomo la nyumba yathu ku Finglas, ine ndikutuluka, iwo akulowa. Kwa zaka zambiri banja lathu lakhala la "mwadzuka bwanji, makiyi awo".

Titakwanitsa zaka 25 tili m'banja, Tadala, mwana wathu woyamba, anatilipirira ulendo wa sabata imodzi ku Negril, tauni ya m'mbali mwa nyanja ku Jamaica. Anakonzeratu zonse, kuphatikizapo chakudya cha anthu awiri pamchenga, Lachinayi hafu pasiti 5 madzulo, ndi munthu wotijambula dzuwa likamalowa. Nkhani yonse inagona pa chithunzi chimenecho. Chithunzi chomaliza chimene tili awiri titakhala pansi chinali cha ukwati wathu ku Zingwangwa, ine ndikadali ndi tsitsi. Pa zina zonse ndimaoneka chakumbuyo, nditanyamula mpando kapena poto wa eni ake.

Tili pabwalo la ndege, mayi a Tadala anandipatsa malamulo.

"Bambo a Tadala, sabata imodzi yokha. Musanyamule munthu, musakankhe munthu, musapukute munthu. Lachinayi mukhale pansi pafupi ndi ine. Basi."

Ndinalonjeza. Ndinawonjezeranso kuti kukhala pansi si ntchito yoti munthu n'kulephera (pakamwa pangapa pamafunika loko).

Tadala anali atandiguliranso makabudula atatu. Ndinawaika pansi penipeni pa sutikesi. Kabudula ndinasiya kuvala ndili Sitandade 8, ndipo sindinaone chifukwa choti mawondo a munthu wa zaka 54 akayambire kuona dzuwa kudziko la eni. Ndinavala buluku lakuda, nsapato zakuda za kuntchito zija zosaterera, ndi shati yanga ya ku Tallaght, yobiriwira, ya maluwa oyera. Pahotelo anatimanga tizibangili tapulasitiki pamkono, chizindikiro choti ndife alendo. Kanga kanali kokhwepa. Poopa kuti kangatayike m'madzi, ndinakavula n'kukatsekera m'chipinda pamodzi ndi pasipoti. Ndine munthu wosamala zinthu. Aliyense amadziwa.

M'mawa mwake titatsikira kunyanja, ndinaona anthu ambiri atavala shati ngati yanga, buluku lakuda ngati langa. Ndinakondwa. Ndinauza mayi a Tadala kuti aone mmene ndimadziwira fashoni. Iwo anayang'ana anthuwo, anayang'ana ine, n'kunena kuti onsewo anyamula mathireyi. Ndinayankha kuti n'zoona, anthu a kuno ndi olimbikira.

Sipanathe mphindi khumi, mayi wina wachizungu anandipatsa tambula yopanda kanthu, osandiyang'ana n'komwe. Ndinalandira ndi manja awiri (makolo anandilera bwino). Tambula ya eni sungaitaye pamchenga, ndiye ndinakaisiya ku bala ya hotelo. Pobwerera, bambo wina anandifunsa mathawulo. Ndinali nditaona pamene amakhala, ndiye kukana kukanakhala nkhanza. Banja lina linafuna kuti ambulera isunthidwe. Pofika nthawi ya nkhomaliro ndinali nditadziwa kosungira ayisi, ndipo wina anali atandifumbatitsa madola asanu. Mayi a Tadala anatambasula dzanja n'kuwalandira, amvekere ndi chindapusa.

Mwina mukufunsa kuti bwanji sindinangonena kuti nanenso ndine mlendo. Ndinayesa kamodzi. Munthuyo anafiira nkhope, anapepesa, anapepesanso, mpaka ine ndinayamba kumupepesa chifukwa chomupepesetsa. Ndinaona kuti kukatenga thawulo n'kwachangu. Komanso ndinene zoona: kugona chagada n'kumayang'ana madzi ndi luso, ndipo ine ndilibe. Ndikangokhala pang'ono, mtima umandiuza kuti penapake belu likulira.

Madzulo a tsiku limenelo shati inaletsedwa. Masiku awiri otsatira ndinavala zakale, ndipo ndinachita bwino ndithu. Ndinangothandiza agogo ena kutsika masitepe, komanso kupukuta madzi amene wina anataya pakhonde (amenewo akanagwetsa munthu, sindikuwawerengera).

Lachinayi linafika. Masana mayi a Tadala anapita kokakonzetsa tsitsi, n'kundiuza kuti tikakumane patebulo pomwepo. Ndinatsala ndekha ndi nzeru zanga. Nzeruzo zinandiuza kuti munthu sangajambulitse chithunzi cha zaka 25 atavala shati yakale, yatsopano ilipo. Ndinaisita bwinobwino. Ndinatuluka 5 koloko, ulendo wa mphindi zitatu. Ine sindichedwa.

Pamene simenti imathera n'kuyamba mchenga, ndinapeza nkhalamba ina ili pa wilutcheya, mawilo atatitimira. Akazi awo, nawonso okalamba, owonda ngati bango, ankakankha chakutsogolo, zomwe zimangotitimiza zinthu. Anandikodola. Ndinayang'ana kumbali. Ndinadutsa ndithu, mapazi anayi kapena asanu, ndipo ndikufuna kuti zimenezi zidziwike. Kenako ndinaona phazi la mkuluyo litagwa pa chopondera, likukhukhuluzika pansi. Amene anagwirapo ntchito yathuyi akudziwa kuti chimenecho sungachione n'kupitirira.

Ndinadziuza kuti phazi lokha.

Nditakonza phazi, ndinawasonyeza kuti pamchenga wilutcheya imapendeketsedwa n'kukokedwa chobwerera. Posonyezapo ndinapezeka kuti ndikukoka ndine. Mkuluyo, a Gerald a ku Canada, anandinong'oneza kuti asanapite kunyanja akufuna kuchimbudzi. Chimbudzi cholowa wilutcheya chinali mbali ina ya hotelo, kuseri kwa dziwe losambira. Munthu wa zaka zimenezo sumusiya pakhomo n'kumufunira mafuno abwino. Ndipo sathamangitsidwa. Titatuluka, akazi awo anayamba kundifotokozera, misozi ili m'maso, kuti anabwera kugombe lomweli atangokwatirana kumene, ndipo a Gerald ankangofuna kuonanso dzuwa likulowa, madzi akuwakhudza mapazi. Ndikanatani? Ndinakoka mpaka kumadzi. Ndinawavula nsapato. Ndinawapindira buluku.

Dzuwa la kumeneko silichita za ku Dublin zomazengereza mpaka 10 koloko. Limangogwa ngati mwala.

Ndinafika patebulo thukuta lili kamukamu, nsapato zodzaza mchenga. Wojambula anali akulongedza zida zake. Mayi a Tadala anali atakhala tsonga, atavala diresi lachitenje limene anasoketsa kwa mnzawo wa ku Mulhuddart, tsitsi litakonzedwa, okongola moti ndinachita mantha. Anangoyang'ana shati.

Ndinakhala pansi. Ndisanatsegule pakamwa, panafika mayi wina wa hotelo, wovala jekete, kapitawo wa operekera zakudya. Anawerama mwaulemu n'kundiuza chapansipansi kuti antchito saloledwa kukhala patebulo la alendo. Anafunsanso kuti baji ya dzina langa ili kuti, ndipo ndili mbali ya ndani. Ndinakweza mkono kuti ndimusonyeze kachibangili. Panali wotchi yokha.

Ndinatembenukira kwa mkazi amene ndinalumbira naye pamaso pa mpingo wonse. Iwo anamwa madzi pang'ono, n'kuyankha m'Chingerezi chodekha, chosalala, chimene amasungira madokotala.

"Mufunseni bwino, mayi. Ine munthuyu ndamuona akugwira ntchito sabata yonse. Amuna anga ndinawasiya ku Dublin."

"Mayi a Tadala, musatero," ndinanong'ona m'Chichewa.

"Mukundidziwa?" iwo anafunsa.

Motero ndinayenda ndi kapitawo uja, pambuyo pathu mlonda, kudutsa matebulo onse, kupita kuchipinda kukatenga kachibangili kamene ndinakasunga bwino kaja. M'njira bambo wa mathawulo uja anandikwezera dzanja. Kapitawo ataona pasipoti anagwira pakamwa. Anapepesa kambirimbiri. Kenako, pofuna kundisangalatsa, anandiuza kuti alendo angapo anakayamikira kuofesi "bambo wachikulire wa kugombe", ndipo iwo akhala akufufuza kuti ndi ndani. Zaka khumi ndi zinayi ku Dublin palibe anandiyamikirapo kuofesi. Ndinayenera kuwoloka nyanja yonse ija.

Nditabwerera, mayi a Tadala anandisunthira foni. Wojambula anali atatumiza kale. Chithunzicho n'chokongola, sindinama. Dzuwa lofiira, nyanja yagolide, mayi wovala bwino, mpando wopanda munthu. Ndipo chapatali, kumanzere, kamunthu kobiriwira katawerama, kakukoka wilutcheya chobwerera.

"Mwatuluka bwino," iwo anatero. "Ndi mmene ndimakudziwirani."

Akanakalipa zikanandipepukira. Tinadya nsomba yathu, koma sindikukumbukira kukoma kwake.

M'mawa mwake ndinadzuka 6 koloko. Ndinafukula kabudula pansi pa sutikesi n'kuvala. Mawondo anatuluka otuwa ngati mbatata zokumbidwa dzana. Ndinamanga kachibangili ndi kuwonjezera selotepi. Shati ndinaipinda n'kukaipereka kwa kapitawo, kuti mwina ingathandize wina wolembedwa ntchito mwalamulo. Kenako ndinakasaka wojambula uja. Anati madzulo onse ndi otanganidwa mpaka tsiku lathu lonyamuka. Ndinamuuza kuti dzuwa silikufunika, chofunika ndi mipando iwiri. Anayang'ana mawondo anga, chisoni chinamugwira, n'kuvomera kuti 8 koloko m'mawa womwewo.

Mayi a Tadala anavalanso diresi lija osafunsa funso. Tinakhala pansi, awiri, pamchenga. Wojambula anati timwetulire. Nthawi yomweyo ndinamva mawu odziwika akundiitana mosangalala. A Gerald, pamwamba pa kanjira kotsetsereka, akundikupizira chipewa. Ndinaona ndili pomwepo kuti buleki ya kumanja ya wilutcheya yawo sinamangidwe.

Chithunzi chimenecho chili pakhoma pabalaza ku Finglas. Ndakhala pansi, palibe angatsutse. Thupi layang'ana kutsogolo, maso okha ndiwo ali kumbali. Dzanja la mayi a Tadala lili pabondo langa, ndipo alendo akabwera amati taonani chikondi cha zaka 25. Ine ndimangovomera. Zikhadabo zake ndinazimva ndine.