Masamba a Nkhuku za a Langton

Inu, tamverani za a Langton a kwa Nthache, mkulu wa mpingo. Khutu lawo lakumanzere linapuma pa ntchito kalekale, koma eni ake ankati amamva ngakhale nyerere ikatsokomola.

Ankaweta nkhuku zoyera zoti zidzadyedwe pa ukwati wa mwana wawo. Pamsonkhano wa alimi, mlangizi anati: "Yanikani masamba a chammwamba, musinje, muzithira pang'ono m'chakudya cha nkhuku." A Langton anangotolapo "chamba". Kufunsa? Mkulu wa mpingo afunse pagulu ngati mwana wasukulu? Paja safunsa anadya phula, koma awa anadyetsa nkhuku.

M'mawa mwake, jekete ndi tayi, ulendo kuthengo kwa Horacio wootcha makala.

"Mwana wanga, ndikufuna fodya wamkulu uja. Ndi wa nkhuku."

"Eee, abambo, aliyense amatero. Wina dzulo anati ndi wa mbuzi."

Anasinja n'kuthira chodzaza manja, poti a Langton sachita zinthu mwaumphawi. Abale inu! Nkhuku zinamaliza chakudya, zinadya utuchi, zinayamba kujompha nsapato za mwini wake. Kenako zii, zonse kuyang'ana khoma ngati pali kanema. Galu atalowa m'khola, ina inamukwera pamsana n'kugona.

"Bambo, nkhukuzi zalodzedwa," anatero akazi awo, mayi Rozina.

"Sayansi imeneyo, mayi. Zikuganiza."

Mayi Rozina sanakhutire. Tsiku lomwe amayi a mpingo anabwera kudzakonzekera nyimbo za ukwati, iwo anasesa masamba onse otsala n'kuwatentha kuseri kwa nyumba. Mphepo nayo, yopanda khalidwe, inakankhira utsi wonse pakhonde.

Abusa pofika anapeza amayi akadali pa ndime yoyamba yomweyo chiyambire masana. Wina akulira, wina akucheza ndi mtondo, amayi apampando akudula chiuno ngati ali ku chinamwali. Abusa ananunkhiza kamodzi kokha.

"A Langton! Chamba pakhomo pa mkulu wa mpingo? Udindo wanu watha lero."

"Ndi malangizo a alangizi, abusa!"

"Anati cha-mmwa-mba!" anakuwa mayi wina yemwe analipo pamsonkhano uja, akuloza mtengo umene a Langton amamangirirapo mbuzi tsiku ndi tsiku.

A Langton anauyang'ana mtengowo nthawi yaitali. Anamasula tayi, n'kutembenuka mwaulemu.

"Ndalakwa, abusa. Koma tandiuzani, fungoli mwalizindikira bwanji msanga chonchi?"

Mpaka lero a Langton akadali mkulu wa mpingo.