Galimoto ya anthu awiri

Kwa Mposa kuli mudzi umene mpaka lero ana akandiona amayamba ayang'ana galimoto kenako ine, ndipo akuluakulu ena amandipatsa moni ataima chapatali. Sindiwaimba mlandu. Ndinazichita ndekha, ndi manja anga awa, ndi maphunziro a zamagetsi amene makolo anga anavutika nawo.

Mkazi wanga Tereza anamwalira m'dzinja, zaka pafupifupi ziwiri zapitazo. Anadwala masiku anayi. Zimenezo ndilekere pomwepo. Anandisiyira mwana wamkazi wa zaka zinayi, Tadala, ndi galimoto. Mwanayo anatengedwa ndi agogo ake akuchikazi kumudzi kuja kwa Mposa maliro atatha, poti ntchito yanga yoika mapampu a sola m'madimba imandigoneka kutali masiku ambiri. Galimoto inatsala kwanga ku Liwonde, pansi pa mtengo wa mango.

Sinali yathu. Inali ya malemu bambo ake a Tereza, amene anagwira ntchito ya njanji ku Nkaya: pikapu yobiriwira, yakale kuposa ine. Iwo atamwalira, apongozi anga anaipereka kwa Tereza kuti aziyendera, poti pa ana onse ndiye yekha ankadziwa kuyendetsa. Kumudzi ankaitcha Chifuwa, chifukwa inkayamba kumveka kutsokomola ili kutali, fumbi lake lisanaoneke.

Sitata yake inafa kalekale, ndiye kuti ilire inkafuna kukankha. Tereza ankakhala pachiwongolero, ine kumbuyo. Zaka zisanu za ukwati ndinazitha nditawerama pabampala, ndikuona maso a mkazi wanga pakagalasi, akuseka. (Ndine wa zamagetsi. Sitata imeneyo ndikanaikonza masana amodzi. Iye sanandiuze kuti ndikonze, inenso sindinaitchule.)

Vuto la galimoto ya anthu awiri limaoneka pakatsala mmodzi. Tsiku lina ndinayesa kukankha ndekha n'kuthamangira kulumphiramo. Inandisiya, n'kukalowa mumpanda wa aneba pamodzi ndi zovala zawo zoyanika. Anebawo, anthu abwino, anadzipereka kuti azindikhalira pachiwongolero. Ndinayesa kamodzi. Nditadzutsa mutu n'kuona maso a munthu wina pakagalasi paja, ndinasiya kukankha n'kukalowa m'nyumba. Ndiponso kulira kwa injiniyo sindinkakufuna. Choncho m'malo mokonza sitata ngati munthu wanzeru, ndinaganiza zochotsa injini yonse n'kuikamo mota ya magetsi.

Amene anandithandiza ndi Che Jafali, mkulu wowotcherera zitsulo kufupi ndi msika. Atamva maganizo anga anavula magalasi ake akuda n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Achimwene, munthu akadwala chifuwa simumuchotsa mapapo."

"Iziyenda, Che Jafali."

"Kuyenda iyenda. Eniake mwawauza?"

Ndinati ndiwauza. Tinapeza mota ya chimakina chakufa chonyamulira katundu m'fakitale. Chitsulo cholumikizira motayo ndi giyabokosi tinakachibooletsa ku Balaka katatu, chifukwa kawiri ndinayeza molakwa. Mabatire ndinawayala kuseri kwa mpando n'kuwakhomera bokosi la matabwa. Zonsezi zinatenga miyezi isanu ndi iwiri, ndipo ndivomere kuti imeneyi ndi miyezi yokhayo imene ndinkadzuka ndikudziwa chochita ndi manja anga. Injini yakale Che Jafali anaitenga m'malo mwa thukuta lawo, n'kuipereka kwa mlamu wawo ku Nkaya. Mpaka lero ikucheka matabwa.

Galimoto inayenda. Inayenda mwakachetechete ngati njoka. Mbuzi sizinkapatuka. Wakabaza wina pamlatho wa Shire atacheuka n'kupeza chigalimoto chili pamsana pake, anagwetsa thumba la makala n'kukuwa kuti, "Lizani hutala, afiti inu!" Ndinasangalala, kwa nthawi yoyamba chimwalirire Tereza.

Kenako anaimba foni a Makwinja, malume ake a Tereza, amene amayang'anira mbumba yonse. Anati chaka chakwana, ndibwere Loweruka adzandisudzule, ndiye kuti kundimasula ku ukwati wa malemu monga mwa mwambo wawo. Tsiku lomwelo adzanena za katundu ndi za mwana. Ine ndinali nditapempha kale kuti Tadala adzakhale nane ku Liwonde, ayambe sukulu ya mkaka. Ndinali nditasintha ntchito kuti ndizigona pakhomo. Kabedi ndinali nditakhometsa. Kwa akuchikazi mwana ndi wawo, ndipo kuti amupereke kwa mkamwini pamafunika aone kuti munthuyo ndi wolongosoka.

"Ndipo akamwini," anatero a Makwinja pomaliza, "mubwere nayo Chifuwa mmene inalili. Achemwali akuti akufuna aimve. Akuti ikalira amakhala ngati amuna awo ndi mwana wawo akulowa pakhomo."

Apa m'pamene munthu wolongosoka akananena zoona. Ine ndinati, "Chabwino, amalume."

Mufoni mwanga munali kanema wina amene Tereza anadzijambula m'mawa wina ali pachiwongolero, kuti akaonetse anzake mmene mwamuna wake amavutikira. Koyambirira amayankhula, kenako injini imalira kwa kanthawi ndithu. Kanemayo ndinali ndisanamutsegule chiikire maliro. Ndinamutsegula, ndinadumpha koyambirirako nditatseka khutu limodzi, ndinadula kulira kwa injini kokha n'kukusunga pakokha, moyandikana ndi kanemayo. Ndinagula sipika, yonga ija amayenda nayo ogulitsa mankhwala a makoswe, n'kuimangirira pansi pa boneti. Ndikadina foni, Chifuwa inkatsokomola ngati kale, ndipo ndinatchera kuti kaphokosoko kakatha kazibwereza.

Che Jafali anamvetsera ataika manja kumbuyo.

"Utsi mukaupeza kuti? Muikamo mbaula?"

"Sayang'ana utsi."

"Achimwene, bodza lili ngati chitsulo chowotcherera pa penti. Chimaoneka chagwira. Dikirani bampu."

Loweruka ndinayenda mwakachetechete mpaka pamphambano yolowera kumudzi, pamenepo ndinadina foni. Ana anathamanga akufuula kuti Chifuwa yabwera. Ndinafika pabwalo n'kuzimitsa msangamsanga. Palibe anafunsa za utsi. Tadala anandikumbatira miyendo. Anali atatalika, ndipo ankandiyang'ana ngati mlendo amene anamuonapo kwinakwake.

Tinakhala pansi pa mtengo wa masawu. Panali a Makwinja pampando wawo wa ndalema, apongozi anga pamphasa ndi amayi ena, alamu anga atatu, amalume anga ochokera kwathu, ndi mkulu wa mpingo amene anatsegula ndi pemphero. Foni ndinaizimitsiratu, mwaulemu. (Kumbukirani zimenezi. Foni yanga ikazima imaiwala zoti izibwereza. Nyimbo ikatha imangopita ku yotsatira.)

Nkhani inayenda bwino kuposa mmene ndinkayembekezera. A Makwinja anati mkamwini ameneyu anadwazika mwana wathu, anamuika mwaulemu, sanasowe pakhomo pano. Anati galimoto ndizisungabe. Za Tadala anati iwo sakuona chovuta, bola apongozi avomere. Apongozi anasisita mphasa ndi chikhatho, kenako anati:

"Ndimve kaye galimoto ija. Pofika paja ndinali kuseri."

Alamu anga anaimirira okha, osauzidwa. Aliyense m'mudzimo amadziwa kuti Chifuwa imakankhidwa. Ndinalowa, ndinayatsa foni n'kuibisa pantchafu. Amuna atatu aakulu anawerama kukankha galimoto imene ikanatha kuwakoka onse ndi mpando wa a Makwinja womwe. Ndinachita ngati ndikumasula kilachi, ndinagwedeza thupi (inde, ndinayeserera zimenezi kunyumba), ndipo ndinadina. Chifuwa inatsokomola. Anthu anawomba m'manja. Mlamu wanga wamkulu anamenya denga n'kunena kuti, "Alamu, mwaisamala! Ikulira bwino kuposa kale!"

Ndinafuna kuzimitsa. Apongozi anakweza dzanja.

"Iyayi, musazimitse. Ilekeni ilire."

Anali atatsinzina. Ndinaileka. Ndinkadziwa kuti kabwereza.

Kulira kunatha. Pansi pa boneti panamveka munthu akukonza kukhosi. Kenako, mokweza, momveka mpaka kuchitsime:

"A injiniya, kankhani! Kankhani ngati mwadya! Sukulu yonse ija mphamvu mulibe?"

Ndiyeno kuseka kwake.

Zimene zinachitika pabwalopo ndinaziona pakagalasi. Alamu anga atatu, amene anali atatsamira galimoto, sindinawaone akunyamuka. Ndinangoona patsala patapata imodzi. Mkulu wa mpingo anataya buku la nyimbo n'kulowa m'chinangwa. Mpando wa a Makwinja unapindika iwo ali momwemo, miyendo m'mwamba, akufuula kuti, "Mwana wanga, takulakwira chiyani?" Amalume anga enieni, amene anabwera kudzandiimira, anapezeka pambuyo pake ali kuseri kwa khola la mudzi wina. Ine ndikuti ndizimitse, foni inatsetsereka n'kulowa pansi pa mpando, mkati mwa bokosi la mabatire limene ndinakhoma ndekha mosamala kwambiri.

"Tadala, uza adadi ako akankhe," anatero Tereza. "Ona, ayamba kupuma ngati ng'ombe."

Anthu awiri okha sanathawe. Apongozi anakhala pomwepo pamphasa, maso ali otsegula tsopano. Ndipo Tadala anayenda pang'onopang'ono mpaka kutsogolo kwa galimoto, n'kuika zikhatho zake pa boneti.

"Adadi, tsegulani. Amayi ali umu."

Ndinali nditaipeza foni n'kuizimitsa. Ndinatuluka. Ndinamuuza kuti mulibe.

"Ndawamva. Tsegulani, akupsa."

Ndinatsegula. Munali mota yotuwa, mawaya, ndi sipika yomangidwa ndi mphira. Mwanayo anaima pazala, anayang'ana kona iliyonse, anawerama n'kusuzumira pansi pa galimoto. Atatha sanalire. Anangopita kukakhala pamiyendo ya agogo ake, atandifulatira. Pa zonse za tsikulo, chimenechi ndicho sindisimba moseketsa.

Anthu anabwerera mmodzimmodzi. Ndinaima pakati pa bwalo n'kufotokoza zonse: za sitata, za kagalasi, za Che Jafali, za matabwa a ku Nkaya. Ndinayankhula ngati ndikuwerenga lipoti la kuntchito, chifukwa ndikanayankhula mwina sindikanamaliza. A Makwinja, atawongola mpando, anayang'ana mkati mwa boneti nthawi yaitali.

"Ndiye kuti alamu anuwa akankha chabe?"

"Chabe, amalume."

"Ine ndagwa chabe?"

Anati galimoto itsale pompano. Ndinawauza mwaulemu kuti imafuna kutchaja, ndipo m'mudzimo mulibe magetsi. Anatukwana m'Chilomwe, chimene sindimva, ndipo ndikuthokoza.

Mlandu anaudula ndi apongozi. Sanakweze mawu.

"Injini ndi chitsulo, akamwini, mukanandiuza ndikanalira tsiku limodzi n'kusiya. Koma mwamupangitsa mwanayu kufuna amake m'zitsulo." Anamusisita Tadala pamutu. "Achimwene, munthu uyu musamusudzule. Mumasula bwanji munthu amene akuyenda ndi mkazi wake m'boneti? Sanathe kulira. Mwana akhala ndi ine chaka china. Akamwiniwa azibwera Loweruka lililonse, amuzolowere, nawonso azolowere kunena zinthu."

A Makwinja anawonjezera tambala mmodzi wa kugwa kwawo. Ndinavomera.

Ndikunyamuka, apongozi anandiitanira kuseri kwa nkhokwe, kumene kunalibe anthu. Mwamwambo sitiyandikana, koma tsikulo anaima pafupi.

"Mawu aja alipobe?"

Ndinati alipo.

"Ndimveko. Pang'onopang'ono, osati za sipika."

Tinamvera limodzi, kuyambira koyambirira kumene ndinkadumpha kuja mpaka kumapeto. Atatha anati, "Analitu wachipongwe mwana ameneyu," n'kupukuta nkhope ndi chitenje. Anandiuza kuti ndizipita dzuwa lisanalowe.

Kabedi kali m'chipinda, sindinakachotse. Sipika ndinapatsa Che Jafali, amene sananene kuti ndinakuuzani. Anangoipachika pashedi pawo pamalo oti ndiziiona. Loweruka lililonse ndimapita kwa Mposa mwakachetechete, mbuzi zosapatuka. Masabata atatu oyambirira Tadala sanandiyankhule. Loweruka lachinayi, ndikutsanzika, anakwera yekha pampando wa dalaivala, anagwada kuti afikire chiwongolero, n'kunena osandiyang'ana:

"Kankhani."

Ndikanatha kumufotokozera kuti galimotoyi sifunanso kukankha, kuti ndinatha miyezi isanu ndi iwiri ndi maulendo atatu a ku Balaka kuti isadzakankhidwenso. Ndinachotsa kiyi n'kuika m'thumba, ndinazungulira kumbuyo, ndinawerama pabampala. Mabatire aja ndi olemera kuposa injini, zimenezo sindinaziwerengere. Timayenda kuchokera pa masawu mpaka pa nkhokwe, alamu anga akuonerera osathandiza. Ndikadzutsa mutu, pakagalasi pamaoneka chipumi ndi maso awiri.

Chaka chitha mwezi wa mawa. Sindikudziwa chimene apongozi adzanene. Pakadali pano ndimakankha.