Mafomu a Tiya Sadzanyowanso

Lolemba

Tiya, mlongo wanga wamng'ono, wafika pashopu m'mawa uno ndi jumbo yakuda. Ndimayesa ndi mandasi. Ndi mapepala.

Lachisanu 2 koloko akuluakulu atatu akamuunika. Ali m'chaka chachiwiri chophunzira ukatswiri wothandiza anthu a ngozi ndi odwala mwadzidzidzi, kuchipatala chachikulu m'tauni. Faelo yake ikapezeka yoperewera, mayeso a chaka chino salemba, adikira chaka chamawa. Ndipo sabata yonseyi ali pantchito.

Akuti: "Achimwene, mungondiikira m'dongosolo basi. Musawonjezerepo nzeru."

Ine! Zaka khumi ndi chimodzi ndikupanga fotokope pa Chileka pano. Ofuna ntchito ku eyapoti onse amadutsa m'manja mwanga. Faelo imodzi ingandivute chiyani?

Zomwe zili m'jumbomo:
- masatifiketi anayi, imodzi yopindidwa ngati kalata yachibwenzi
- mafomu ambirimbiri a ntchito zomwe wagwira pa odwala
- mafomu a manesi onena ngati Tiya ali ndi ulemu kwa anzake (ine sanandifunse)
- theka la chimanga chootcha
- pepala lokhala ndi dontho lofiirira lomwe sindikufuna kudziwa kuti ndi chiyani

Lachiwiri

Ndawerenga mafomu onse. Mwana uja ndinkamubereka kumsana popita kuchigayo, lero akuboola anthu m'nthiti kuti apume! Koma ndaphunzira chinthu. Kumeneko ntchito sikhala yogwirika mpaka wamkulu asaine. Munthu amene Tiya anamutsitsimutsa mwina akugulitsa tomato pa Lunzu, koma papepala sanadzukebe.

Mafomu asanu ndi anayi alibe siginecha ya Dokotala Mbewe, amene amamuyang'anira. Ndamutumizira uthenga Tiya. Wayankha mawu atatu: "Kawapezeni mawa, chonde."

Masana mvula. Denga la shopu likudontha pakona paja. Dontho limodzi pa satifiketi! Ndayatsa makina omatira mapepala m'pulasitiki, ndalamineta masatifiketi onse anayi. Akuwala ngati mbale zatsopano.

Magetsi alipobe. Izi sizichitikachitika.

Ndalamineta mafomu a manesi. Magetsi alipobe.

Kenako ndaganiza: asanu ndi anayi aja ndiwo ayende nane pamvula mawa. Ndiwo ofunika chitetezo kuposa onse. Ndawamata bwinobwino, opanda ndi thovu limodzi lomwe.

Mkazi wanga, mayi a Dali, ayang'ana faeloyo nthawi yaitali. Akuti: "Mlamu anati chiyani paja za nzeru?" Nsanje basi.

Lachitatu

Kuchipatala. Pakhomo nesi wandifunsa chomwe chikundivuta. Ndati siginecha. Wandigwira pamkono, wandiyang'ana m'maso, wandiloza benchi la anthu amene sakufa.

Maola anayi pabenchi. Anzanga apabenchi:
- bambo wa kabaza yemwe anakumana ndi mbuzi
- mayi wonyamula mwana amene waika nyemba m'mphuno
- mkulu wina amene wangobwera chifukwa mkazi wake wamuuza kuti akuoneka mosiyana

Tiya wadutsa katatu. Akuthamanga pambali pa machira, dzanja limodzi lapanikiza pamimba pa munthu, pakamwa akulamula amuna akuluakulu ndipo akumumvera. Sanandione. Ine ndauza wa kabaza kuti uyo ndi mlongo wanga. Akuti: "Ndiye mwakhaliranji pabenchi, bwana?"

Pomaliza kalaliki wandiuza kuti Dokotala Mbewe kulibe. Amalume awo amwalira, maliro ali ku Lirangwe, kuika mawa. Abwerako sabata yamawa.

Sabata yamawa! Lirangwe si kunja kwa dziko. Ndipita.

Lachinayi

Minibasi mpaka pa Kameza, ina ya ku Lirangwe. Faelo ili m'kati mwa shati.

Munthu sangafike pamaliro n'kutulutsa faelo. Ndayamba ndakhala pansi kumbali ya azibambo, nkhope yogwa. Wolemba chipepeso wandifunsa kuti ndine ndani kwa malemu. Ndati wa kuntchito kwa a dokotala. Basi, andipatsa mpando. Mpando weniweni, pafupi ndi abusa.

Mwambo uli m'kati, wolengeza akuti: "Tsopano nkhata ya anzawo a dokotala ochokera kuchipatala." Anthu onse maso pa ine. Wina wandipatsira nkhata m'manja. Ndakaiika pamanda a munthu amene sindinamuonepo, ndawerama, faelo n'kundibaya pachibwano.

Tasamba m'manja, anthu ayamba kubalalika. Ndawatsata a Mbewe kugalimoto yawo. Ndapepesa maliro kaye, kawiri, kenako ndanong'ona nkhani yanga. Munthu wabwino. Maso ofiira koma wamwetulira. Akuti: "Tiya ndi dokotala weniweni. Bweretsani kuno, ntchito zonsezi ndinaziona ndi maso angawa."

Ayala fomu pa boneti. Atulutsa bolopeni. Alemba.

Palibe chatuluka.

Aigwedeza. Alembanso. Bolopeni ikungotsetsereka ngati nkhuku pa simenti yonyowa. Abusa abwereketsa yawo. Chimodzimodzi. Wolemba chipepeso wabwera ndi yake. A Mbewe atembenuza fomu, aigogoda ndi chikhadabo, andiyang'ana.

"Anamata izi ndani?"

Ndati mnyamata wina wa pashopu ina pa Chileka. Akuti: "Ameneyo ntchito yake amaidziwa. Kuganiza kokha."

Ndapempha kuti ndikachite fotokope asaine pamenepo. Akana: akuluakulu aja amafuna pepala lenileni lokhala ndi chidindo cha ku wodi cha tsiku lomwe ntchito inagwiridwa. Apo mmodzi wa adzukulu wabwera ndi pentopeni yakuda yomwe analembera dzina la malemu pamtanda. Yagwira! Siginecha zisanu ndi zinayi, zikuluzikulu ngati pachikwangwani cha golosale. Mvula yayamba, ndasanjikiza mafomu msangamsanga, ndalowetsa m'shati, ulendo.

M'minibasi tinali anayi pampando wa atatu, thukuta kamukamu. Koma mtima uli m'malo. Mulungu ndi wabwino!

Lachisanu

Ndatsegula faelo mbandakucha kuti ndiisirire.

Siginecha palibe. Pali mitambo isanu ndi inayi yakuda. Inki sinali itauma, fomu iliyonse yadinda kumsana kwa inzake, yapamwamba yadinda pa vesiti yanga. Pa vesiti ndi pokhapo pomwe dzina la a Mbewe likuwerengeka, ngakhale chobwerera m'mbuyo.

Zomwe ndayesa pa fomu imodzi kuti pulasitiki ichoke:
- lezala (chala)
- simbi ya makala (fomu yapindika ngati chipisi)
- kusenda pang'onopang'ono (pepala lagawanika pakati, zolemba zapita ndi pulasitiki)

Tsopano mafomu ndi asanu ndi atatu ndi theka.

Mayi a Dali akuti: "Tengani vesitiyo mukaonetse." Sindikudziwa ngati amaseka.

Ndamupeza Tiya pageti la chipatala cha m'ma 1 koloko, wavala bulauzi yake ya kutchalitchi. Watsegula faelo. Watembenuza tsamba loyamba, lachiwiri. Waligogoda ndi chikhadabo, monga a Mbewe. Anawaphunzitsa kumodzi, kapena.

Sanakuwe. Akanakuwa zikanakhala bwino. Wangoti: "Achimwene." Kenako wapuma mozama monga amauzira odwala, walowa.

Ndabwerera pa benchi langa la Lachitatu. Nesi uja wandizindikira. Akuti: "Siginecha ija sinapole?"

Loweruka

Foni ya Tiya ikuitana, osayankha. Mauthenga anga anayi awerengedwa.

Makasitomala awiri abwera kudzalamineta. Wachiwiri ndamufunsa katatu ngati pepala lake ndi losaina kale. Wakwiya, wapita kwa mnzanga wa kutsidya kwa msewu.

Ndapachika vesiti kuseri kwa chitseko. Ndaletsa kuti isachapidwe. Ndi umboni.

Lamulungu

Tiya wabwera titaweruka kutchalitchi. Wapereka moni kwa alamu ake, kwa Dali, kwa galu. Kenako kwa ine.

Zomwe akuluakulu agamula: ntchito yake alibe nayo mawu, manesi onse amuyamikira. Koma mtambo si siginecha, ndipo tsiku lotsekera mayina a olemba mayeso linali Lachisanu lomwelo. Mayeso alemba chaka chamawa. Ntchito zisanu ndi zinayi zija azigwiranso a Mbewe akuona. Tiya akuti zimenezo sizivuta, anthu a kabaza sasiya kukumana ndi mbuzi.

Chaka chathunthu. Ndayamba kupepesa, wandidula. Akuti mafomuwo anakhala m'jumbo miyezi isanu asanasainitse, ndiye theka la mlandu ndi lake. Theka linalo akuti ndilisunge bwino, lisanyowe.

Akutinso wapampando wa akuluakulu aja anatenga satifiketi imodzi, n'kuiyang'ana pawindo, n'kufunsa kuti shopu yomwe inaimata ili pati. Ali ndi masatifiketi ake khumi ndi awiri omwe chiswe chayamba kuwalawa. Abwera Lachiwiri. Sindikudziwa kuti ndikondwe kapena ndisamuke.

Kalata ya chigamulo waisiya patebulo, akaisaina mawa pamaso pa a Mbewe. Pepala lopyapyala, labwino, la chidindo chofiira. Kunja kwayamba kuwaza, ndipo denga la nyumbayi silisiyana ndi la kushopu. Magetsi alipo. Makina aja ndinabwera nawo kunyumba dzulo kuti ndiwapukute, ali pomwepa pampando.

Ndangowayang'ana basi. Sindinawakhudze n'komwe.

Tiya wanyamuka, wazula chingwe cha makina, wachipinda bwinobwino, wachiika m'chikwama chake pamodzi ndi chida chake chopimira odwala. Akuti adzandibwezera akadzakhoza mayeso.

Wapampando akubwera Lachiwiri. Ndikabwereka chingwe kutsidya kwa msewu.